Nkhoswe za Osewera Mpira

Mwa masewero a pa wailesi ya kanema amene ndinaonerera, la Arliss silicoka m'mutu mwanga. Linaonetsedwa ku America kuyambira 1996 kufikira 2002. M'menemo Robert Wuhl ndiye nkhoswe yokambira akatswiri za malipiro awo. Zigawo zimene ndinaseka koposa ndi zija iye alonjeza zokoma, maso ali pa phindu lake.

Posekapo ndinaganiza za anyamata athu a kuno ku Chongwe, olakalaka kutsata Kalusha Bwalya, amene anapita ku Cercle Brugge mu 1985. Makolo anzanga, mlendo akati mugulitse ng'ombe kuti mwana akwere ndeke, musafulumire. Yambani mwafunsa a FAZ ngati amdziwa. Nkhoswe yoona imalandira gawo lake mwana atapeza timu.