Fungo la Matabwa pa Namitete

Msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji, umene pa mapu amaulemba kuti M12, ambiri amaudziwa ngati njira yopitira ku Chipata basi. Minibasi imadutsa pa Njewa, pa Chitedze pamene pali malo ofufuzira za ulimi, kenako pa Msundwe, ndipo pakatha pafupifupi ola limodzi mwafika pa Namitete. Mbali zonse za msewu ndi chidikha: minda ya chimanga, mtedza, soya ndi fodya, zigafa, ndi mitengo ya mango yotayanatayana. Kukakhala kowala bwino, chakum'mwera mumaona mapiri a Dzalanyama ali bii kutali.

Anthu akamva dzina la Namitete amakumbukira zinthu ziwiri. Choyamba ndi chipatala cha St Gabriel, chimene masisitere a chipani cha Carmelite ochokera ku Luxembourg anachiyambitsa mu 1959. Chachiwiri ndi sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete Technical College, kumene achinyamata amaphunzira maluso osiyanasiyana, kuphatikizapo ukalipentala. Ine ndimafikako kawirikawiri poyendera odwala m'makomo, ndipo chimene chimandiimitsa pa msika ndi zisakasa za amisiri a matabwa. Musanazione mumayamba mwamva fungo la utuchi ndi vanishi, ndi kulira kwa sowo ndi hamala.

M'chisakasa cha mmisiri

Mmisiri amene ndimakonda kucheza naye ndi bambo wachikulire, wa imvi za gwa, amene anayamba kusema ali mnyamata pothandiza amalume ake. Zida zake si zambiri: nkhwangwa, sompho, kasemasema, machezulo a milomo yosiyanasiyana, puleni, sowo ndi mwala wonolera. Akalandira chipika sathamangira kuchidula. Amachitembenuza, kuchigogoda kuti amve ngati chili ndi mphako, ndi kuyang'ana kumene mitsempha ya mtengo yalowera. Amati ukasema motsutsana ndi mitsempha, mtengo umang'ambika ndipo chezulo chimakuthawira kudzanja.

M'chisakasamo mumapezeka pafupifupi chilichonse chimene banja la ku Malawi limagwiritsa ntchito kuyambira m'mawa mpaka usiku: mtondo ndi munsi, mthiko, chipande, mipini ya makasu, bawo, timipando ta kukhitchini, zitseko, mabedi. Pakona pamakhala mpando wa mfumu, uja wa matabwa awiri olowetsana popanda msomali kapena guluu, umene alendo ochokera kunja amakonda kunyamula pobwerera kwawo. Mipingo ya m'midzi nayo imabwera kudzaitanitsa mabenchi, gome la kutsogolo ndi guwa lolalikirapo.

Tsiku lina ndinamupeza akuyang'anitsitsa chithunzi pa foni ya mdzukulu wake.

"Mayi, taonani ntchito imene andipempha anthu a ku tauni," anatero.

Chinali chithunzi cha kanyumba kakang'ono ka matabwa, kotalika ngati kufika m'chiuno mwa munthu. Kanali ndi mizati iwiri yozokotedwa, kadenga kosongoka, titseko ta timabowo ngati ukonde, ndi kadilowa pansi. Banja lina la Chihindu la mu Lilongwe limafuna loti awapangire.

Kachisi wa m'nyumba

Kanyumbako eni ake amakatchula kuti mandir, kutanthauza kachisi. M'mabanja ambiri a Chihindu mumakhala malo apadera opemphererapo m'mawa ndi madzulo, ndipo kachisi wamng'onoyu ndiye mtima wa malowo. Mkati amaikamo zithunzi kapena mafano a milungu yawo, nyale ya mafuta, maluwa ndi lubani. Pambali pamakhala kampando kafupi kwambiri kotchedwa chowki, ndi choikapo buku chooneka ngati chilembo cha X. Choikapo bukuchi n'chodabwitsa pa kapangidwe kake: mmisiri waluso amachisema kuchokera ku thabwa limodzi, n'kulipatula pakati mwakuti mbali ziwirizo zimatseguka ndi kutsekeka popanda hinjesi. Asilamu nawo amagwiritsa ntchito chofanana nacho poika Korani.

Ku India kuli mizinda imene imadziwika ndi ntchito imeneyi. Umodzi ndi Saharanpur, kumpoto kwa dzikolo, kumene mabanja akhala akusema maluwa, masamba ndi timabowo pa matabwa kwa mibadwo yambiri. Mitengo imene amakonda ndi teak ndi sheesham. Kuno kwathu anthu ochokera ku India anayamba kufika m'nthawi ya atsamunda, ambiri kuchokera ku chigawo cha Gujarat, ndipo anatsegula masitolo m'malo ambiri a malonda a kumidzi. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda linawalamula kuti achoke kumidzi n'kukakhala m'mizinda ikuluikulu. N'chifukwa chake lero mabanja a Chihindu ndi akachisi awo mumawapeza makamaka mu Blantyre, Limbe ndi Lilongwe.

Chikhulupiriro chawo n'chosiyana ndi changa komanso ndi cha mmisiri uja, koma iye anaona pachithunzipo chinthu chimene ankachidziwa bwino: ntchito yofuna kudekha ndi thabwa labwino. Luso lotere si lachilendo ku Malawi. Ku Mua, m'boma la Dedza, wansembe wochokera ku Canada, bambo Claude Boucher, anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, ndipo amisiri ophunzira kumeneko asema zitseko, maguwa ndi zokongoletsa za m'matchalitchi a m'dziko muno ndi kunja komwe. Manja alipo. Chimene chinamuvuta mmisiri wa pa Namitete ndi mtengo. Anafunafuna thabwa la mlombwa lalikulu bwino, louma, kwa milungu ingapo, ndipo limene anapeza linali la mtengo wokwera kwambiri moti ntchitoyo sikanam'patsa phindu. Anaibweza.

Mitengo ija inapita kuti?

Mlombwa ndiwo mfumu ya mitengo ya amisiri. Ukautema umatuluka utomoni wofiira ngati magazi. Thabwa lake silipindika likauma, chiswe sichilidya msanga, ndipo likapalidwa limawala lokha. Mbawa, umene umakonda m'mbali mwa mitsinje, umapereka matabwa ofiirira a zitseko ndi makabati. Muwanga ndi wolimba kwambiri. Phingo, wakuda bii pakati, ndi umene osema ziboliboli amaufuna, ndipo ku Ulaya amapangira zitoliro zoimbira monga clarinet. Phingoyu ndi m'bale wake wa sheesham wa ku India: yonse iwiri ndi ya mtundu umene akatswiri amautcha Dalbergia. Kuti phingo afike posemedwa pamafunika zaka 70 mpaka 100.

Akuluakulu a kuno amati kale mlombwa unkapezeka kuseri kwa mudzi. Minda inakula, zigafa za fodya zinkafuna mitengo chaka ndi chaka, njerwa zinkafuna nkhuni, ndipo mzinda wa Lilongwe unafuna makala. Lero mitengo yachilengedwe yatsala kumanda ndi m'nkhalango zotetezedwa. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene anthu a mumzinda amamwa, inaonongeka mpaka boma linatumizako asilikali mu 2015 kuti akailondere. M'mawa uliwonse mumakumanabe ndi njinga zosenza matumba a makala zikulowera ku tauni.

Vutoli si la Namitete yokha. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene ankapangira timabokosi tonunkhira, unatha mwakuti ofufuza mu 2017 anapeza mitengo yaikulu 7 yokha paphiri lonse. Chaka chomwecho malamulo a pangano la maiko lotchedwa CITES anayamba kuyang'anira malonda a mitengo ya mtundu wa Dalbergia, ndipo amisiri a sheesham ku India anayamba kufunika zikalata potumiza katundu wawo kunja. Mu 2019 dziko la Malawi ndilo linapempha kuti mukula nawo utetezedwe pa panganoli, ndipo mu 2022 anawonjezerapo mlombwa ndi mbawa. Mmisiri wa ku Saharanpur ndi wa pa Namitete sadziwana, koma nkhawa yawo ndi imodzi.

N'chifukwa chake m'zisakasa zambiri lero mumapeza paini, bulugamu ndi malaina. Si mitengo yoipa. Koma imafuna kuumitsidwa bwino, ndipo ena amaipaka utoto wofiirira n'kumanena kuti ndi mbawa. Pogula, tembenuzani mpando muone pansi pake pamene sanapake kanthu, munyamule mumve kulemera kwake, ndipo yang'anani ngati miyendo yalowetsedwa m'mabowo osemedwa kapena yangokhomedwa ndi misomali. Mpando wa thabwa laliwisi umayamba kugwedera chilimwe chisanathe.

Chifuwa cha mmisiri

Chinthu china chimene munthu wa zaumoyo sangalephere kuona m'zisakasazi ndi fumbi. Anyamata opala matabwa ndi makina amatuluka ali mbuu, nsidze ndi tsitsi zonse utuchi. Fumbi la matabwa limayabwitsa maso ndi khungu, limatseka mphuno, ndipo kwa ena limayambitsa mphumu. Mu 1995 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno, kwa anthu olipuma zaka zambiri. Kusuta fodya kumawonjezera moto pa mapapo otopa kale.

Zodzitetezera zake sizifuna ndalama zambiri. Kupala ndi kukwecha kuzichitikira pamalo opita mphepo. Wokwechayo avale chophimba mphuno ndi pakamwa chogwira bwino, osati kansalu kongolendewera. Posesa, yambani mwawaza madzi kuti fumbi lisauluke. Vanishi ndi thinazi zipakidwe panja, kutali ndi moto, ndipo zisasungidwe m'mabotolo a zakumwa, chifukwa ana amatha kumwa poyesa ndi madzi. Mukafika kunyumba, sambani ndi kusintha zovala musananyamule mwana. Bala la msomali kapena chezulo litsukidwe msanga ndi madzi oyera ndi sopo, ndipo ngati ndi lakuya pitani kuchipatala mukafunse za katemera wa kafumbata. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri, musachiyese cha fumbi chabe: kayezetseni makhololo, pakuti kuyeza ndi mankhwala a chifuwa chachikulu n'zaulere m'zipatala za boma.

Amayi, nafenso tili ndi mbali yathu. Chipande, mthiko ndi mbale zamtengo zodyera zisakhale zopakidwa vanishi kapena polishi ya nsapato, imene osema ena amapaka pa ziboliboli kuti zide ngati phingo. Mafuta ophikira pang'ono ndi okwanira. Mukatsuka, yanikani pa thandala padzuwa. Chipande chikang'ambika, phala limatsalira m'ming'alu ndipo tizilombo timaswana momwemo, choncho chisiyeni mugule china.

Wobzala ndi wosema

Ndinafunsa mmisiri uja ngati mdzukulu wake adzatenge ntchitoyi. Anati mnyamatayo ali ndi dzanja labwino, koma akufuna kugula njinga yamoto kuti azichita kabaza, chifukwa ndalama yake imabwera tsiku lomwelo. Sanamudzudzule. Anangonena kuti luso limafa mtengo ukasowa, pakuti sungaphunzitse mwana kusema mlombwa umene sanaugwirepo.

Kenako ananditengera kuseri kwa nyumba yake. M'malire a dimba munali mzere wa timitengo ta mbawa tofika m'mapewa, totchingidwa ndi minga kuopa mbuzi. Mbewu zake anatola pansi pa mtengo wina wa m'mbali mwa mtsinje, n'kuzifesa m'timachubu. Iye akudziwa kuti sadzasema ngakhale umodzi mwa mitengo imeneyi.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December n'kutha pa 15 April. Ambiri timabzala bulugamu ndi kesha chifukwa zimakula msanga, ndipo n'zofunikadi pa nkhuni ndi milimo. Koma banja lililonse lokhala ndi malire a munda, sukulu iliyonse ndi bwalo lililonse la tchalitchi lingathe kupatula malo a mbawa isanu kapena khumi. Alangizi a zankhalango a m'dera lanu angakuuzeni kumene mungapeze mbande ndi katalikiridwe kake pobzala. Kumbani dzenje mvula isanayambe, thiranimo manyowa, ndipo mulambule udzu mozungulira chilimwe chikafika, chifukwa moto wolusa ndi mbuzi ndizo zimapha timitengo tambiri m'chaka choyamba.