Mtsempha umene unathera panjira

Sitiroko ili pawiri: mtsempha wa mu ubongo umatsekeka kapena umaphulika. Kunja zimafanana, kukamwa kupotoka, dzanja kufa. Koma asipirini amene amathandiza wotsekeka, kwa wophulika amangoonjezera kukha magazi. N'chifukwa chake adokotala sanawapatse mayi anga asipirini asanawajambule pa CT scan.

Atawayeza impso, anawabaya mankhwala a ayodini pamkono kuti mitsempha iwale pachithunzi. Mayi akuti thupi lonse linatentha, m'kamwa ngati anyambita ndalama yachitsulo.

Pakompyuta mitsempha inayala ngati mizu ya mtengo, umodzi utathera panjira. Ndinauona ndi maso angawa, abale. Koma amalume akuti makina saona ufiti, ndipo mpaka lero sapatsana moni ndi azakhali.