Kaderno wa muphwa wanga

Mlongo wanga anafika kwathu m'mawa wina wa nyengo ya cisanu, atadzikulunga citenje monga ticitira kuno ku Angónia. Atakhala pansi anatulutsa kaderno wa cikuto cobiriwira, nati: "Acimwene, ndapeza ici pansi pa mphasa ya muphwa wanu uja. Ine Cipwitikizi sinditha. Taonani ngati si makalata a atsikana."

Mnyamatayo anali ndi zaka 17, ndipo caka cimeneco anali atalephera mayeso a kalasi ya 10. Anali wofatsa, wolimbikira kudimba la mbatata, wosayankha akulu mwamwano. Tonse tinkamutama cifukwa ca kufatsako, osakumbukira kuti cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Munalibe makalata m'kaderno muja. Munali ndakatulo zokhazokha. Za pamasamba oyamba zinali za m'Cipwitikizi, zodzaza ndi mawu akuluakulu onena za dziko ndi tsogolo la acinyamata. Apa ndiulule colakwa canga. Ndinatenga colembera cofiira ndi kuyamba kukonza kalembedwe, kuika timizere pamwamba pa zilembo pamene iye anaiwala, monga aphunzitsi athu ankaticitira ku sekondale. Ndinafiiritsa masamba asanu ndi atatu ndisanamve ngakhale cinthu cimodzi cimene mwanayo ankanena.

Pakati pa kaderno cinenero cinasintha. Anayamba kulemba m'Cinyanja, ndipo dzanja langa linaima. Ndakatulo ina inali ya mwana woima pamsewu, woyang'ana m'galimoto iliyonse yocokera ku Tete. Atate ake a mnyamatayu anapita ku Joni zaka zinayi m'mbuyomo, ndipo mawu awo analeka kufika. M'ndakatulo ina anadzifanizira ndi mbewu ya mbatata imene yawolera m'nthaka isanaphuke. Yotsiriza inali yopempha tulo topanda kudzuka.

Usiku umenewo ndinakumbukira zimene tinaphunzira kusukulu. Tinawerenga Noémia de Sousa ndi José Craveirinha kuti tikhoze mayeso basi. Noémia anabadwa m'caka ca 1926 ku Catembe, ndipo ndakatulo zake pafupifupi zonse anazilemba pakati pa 1948 ndi 1951, ali mtsikana wa zaka zongopitirira 20. Buku lake, Sangue Negro, linadzasindikizidwa mu 2001, kutangotsala caka cimodzi kuti amwalire. Craveirinha, amene analandira mphoto ya Camões mu 1991, analira mkazi wake m'buku lochedwa Maria. Anthu amenewa sanayambe kulemba ali ochuka. Anayamba monga muphwa wanga, ndi pepala ndi cinthu cowawa mumtima.

Makolo anzanga, tisaganize kuti mwambo umenewu ndi wacilendo. Agogo athu aakazi ankaimba pamtondo za mwamuna woledzera, za apongozi ovuta, za mwana amene anamwalira. Woyandikana naye akamva nyimboyo ankadziwa kuti pakhomo paja pali nkhani, ndipo madzulo ankapita kukaceza. Ana athu sakhalanso pamtondo monga kale. Mtondo wawo ndi kaderno ndi foni, koma nyimbo ndi yomwe ija. Cimene cacepa ndi anthu opita kukaceza madzulo.

M'mawa mwake ndinamulondola kudimba. Ataona kaderno m'manja mwanga anagwetsa nkhope.

"Malume, mwawerenga zonse?"

"Ndawerenga, mwana wanga, ndipo ndalakwa kawiri. Ndawerenga osakupempha, ndiponso ndadetsa masamba ako."

Tinakhala pamzere. Ndinamufunsa mosabisa ngati tulo tija tikutanthauza kuti waganizapo zodzipha. Lilime linalemera, pakuti ndinkaopa kuti kuchula cinthuco ndiko kuciitana. Anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anavomera ndi mutu, nalira monga sanalirepo cicokere atate ake. Sindinamudzudzule. Sabata yomweyo ine ndi mayi ake tinapita naye kucipatala, ndipo tinagwirizana kuti asamagone yekha m'gowelo kufikira mtima utakhazikika.

Patapita miyezi iwiri anandipempha kuti anzake ena abwere kudzawerengerana zimene amalemba. Tsiku loyamba anafika asanu, tinakhala pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba yanga. Mtsikana wina anawerenga za mantha ake okwatiwa asanatsirize sukulu. Mnyamata wina analemba za ganyu, ndi za manyazi opempha ndalama ya sopo kwa amake. Sizinali zonse zacisoni. Wina anatiseketsa ndi ndakatulo yotamanda njinga yake yakutha, ndipo wamng'ono mwa onse ananena molimba mtima kuti iye sadzapita ku Joni, adzalemera ndi khasu konkuno. Ndakatulo zambiri zinali zopunduka, mizere ina yaitali ina yaifupi, Cinyanja cosakanizika ndi Cipwitikizi. Tinaika lamulo limodzi lokha: wina akamawerenga, palibe woseka pokhapokha mwini wake atafuna kutiseketsa.

Tsono inu amayi ndi abambo, agogo ndi amalume, mukapeza pepala lotere m'nyumba mwanu, musaliponye pamoto ndipo musakaliwerenge pagulu kuti anthu aseke. Sikuti mwana aliyense wolemba za cisoni ali pangozi. Ambiri kulembako ndiko kumawapepuza. Koma ngati imfa ibwerabwera m'mawu ake, ngati waleka kudya ndi anzake kapena wayamba kugawa zinthu zake, mufunseni maso ndi maso, musamusiye yekha, ndipo pitani naye kucipatala. Ngati simutha kuwerenga, mupempheni kuti akuwerengereni yekha. Mlongo wanga acita conco masiku ano.

Atate ake sanabwerebe, ndipo masiku ena mnyamatayo amadzuka ndi nkhope yolemera. Koma anabwerera kusukulu, ndipo kaderno wobiriwira uja anadzaza. Tsiku lina pamsika wa ku Ulongwe ndinamugulira watsopano. Pomulandira anamwetulira, nati: "Malume, uyu ndidzakuwerengerani ndekha. Colembera cofiira cija mucisiye kunyumba."