NYUMBA ZA KU CHAMA: KUCOKERA M'LINGA KUFIKA PA BOMA

Munthu wotsika ndi msewu wa ku Lundazi kulowa m'cigwa ca Luangwa, akayandikira boma la Chama, amaona nyumba za mitundu itatu zili moyandikana: zozungulira zofolera udzu, za ngodya zinai zomata ndi dothi, ndiponso za njerwa zoocha zofolera malata. Mtundu uliwonse uli ndi nthawi yake m'mbiri ya Asenga.

M'zaka za m'ma 1800 munthu sanali kumanga pamene mtima wake wafuna. Dziko linali pa nkhondo. Abemba anali kutsika mapiri a Muchinga kudzafunkha, Angoni nawo anali kucita cimodzimodzi, ndipo Aluya anali kuyendayenda kufuna minyanga ndi akapolo. Cifukwa ca ici midzi ikuluikulu inazingidwa ndi malinga a mitengo. M'kati mwa linga nyumba ndi nkhokwe zinali zothithikana, kotero kuti moto ukabuka pa denga limodzi mudzi wonse unali pangozi.

Nyumba ya masiku amenewo inali yozungulira, ya khomo limodzi, yopanda zenera. Amuna anali kudula mitengo ya tsanya, imene ciswe sicifulumira kudya, naizika mozungulira, naimanga ndi luzi. Akazi anali kumweta udzu, kutunga madzi, kumata zipupa ndi kuzira pansi. Nchito yonse inali yothandizana, ndipo malipiro ake anali nsima kapena mowa.

M'caka ca 1897 Aluya ndi Abemba anazinga linga la Mfumu Chibale, koma analephera kuligonjetsa pamene Robert Young wa British South Africa Company anathandiza eni mudzi. Patapita zaka zowerengeka nkhondo zinatha, malinga anawola, ndipo anthu anayamba kumanga motayana pafupi ndi minda yao.

Mtendere unadza ndi msonkho wa nyumba. Anyamata ananka ku migodi ndi ku mapulazi akutali kukafuna ndalama, ndipo pobwera anadza ndi mamangidwe acilendo: nyumba ya ngodya zinai, ya zipinda, mazenera ndi citseko ca matabwa. Chama inali kulamulidwa kucokera ku Lundazi, koma itakhala boma payokha panamangidwa nyumba za njerwa za anchito a Boma, ndipo m'mbali mwake munamera makomboni. Boma limeneli linapita ku Cigawo ca Muchinga m'caka ca 2011, nilibwerera ku Cigawo ca Kum'mawa mu 2021.

Lero mdani wa nyumba ku Chama sadza ndi mkondo, koma ndi madzi. Dzinja likakula, Luangwa ndi mitsinje yothiramo imasefukira, ndipo madambo omwewo amene amabala mpunga wochuka wa ku Chama ndiwo amagwetsa zipupa za dothi. Nyumba ikagwa, nkhokwe nayo siitsala, ndipo banja limalowa m'njala.

Makolo anadziwa mdani wao, namanga momuyenera. Ifenso, awerengi, tiyeni timange pamtunda, tikumbe maziko akuya, tioche njerwa m'cilimwe, ndipo denga tilitulutse ndithu kuti khonde licinjirize cipupa. Amene alibe ndalama ya malata asacite manyazi: udzu wofolera bwino pa mitengo ya tsanya umasunga banja zaka zambiri, ndiponso umaziziritsa nyumba pa kutentha kwa m'cigwa.