Waya wa ku Karoo ndi dimba la kwathu

Kuno ku Karoo, m'dziko la South Africa, nkhosa zilibe mbusa. Amazisunga ndi waya. Ukayenda pamsewu wa N1 kudutsa Beaufort West, kapena kukhotera cha ku Graaff-Reinet kumene ndimagwira ntchito, umaona waya uku ndi uku, wowongoka mpaka pamene maso alekezera, kukwera phiri n'kutsikira kuseri. Mvula ndi yochepa, msipu ndi tizitsamba tapansipansi, motero nkhosa imodzi imafuna malo aakulu, ndipo famu imodzi imaposa midzi ingapo ya kwathu ku Dedza ataiphatikiza. Ntchito yanga ndi kumanga ndi kukonza mipanda imeneyi. Ndaizolowera ndipo ndimailemekeza, koma dzuwa limatha kutuluka mpaka kulowa ndili pawaya osaona munthu wina kupatula anzanga amene tabwera nawo pagalimoto. Nthawi zoterozo mtima umathawira kumudzi.

Mphamvu ya mpanda wa waya ili pangodya. Mzati wapamenepo umakhala wonenepa, wa bulugamu wonyikidwa m'mankhwala akuda onunkha phula, kapena wa paipi yachitsulo. Umazikidwa mozama, pena ndi simenti, ndipo umachirikizidwa ndi mtengo wina kuti usawerame waya akakokedwa. Nthaka yake ndi miyala yokhayokha, moti dzenje limodzi limatha kukudyera m'mawa wonse uli ndi mgwala m'manja. Pakati pa mizati ikuluikulu timakhoma zitsulo motalikirana mamita 10 kapena kuposerapo, ndipo pakati pa zitsulozo timamangirira timitengo tosafika m'nthaka, togwira mawaya kuti asatanuke chiweto chikafuna kupanikizapo mutu. Kukoka waya kumafuna nzeru kuposa mphamvu. Kukatentha amatalika, kukazizira amafupika, ndipo kuno mu Juni ndi Julayi madzi amaundana m'zomwera, mapiri a Sneeuberg n'kuyera ndi chipale. Ukamukoka mopyola muyeso masana a Disembala, chisanu chikafika amaduka yekha kapena kuzula mzati. M'mafamu akale mudakali mizati ya miyala yosemedwa, yozikidwa ndi anthu amene analibe mitengo yoti adule, ndipo mpaka lero sinagwe.

Mdani wamkulu wa nkhosa ndi nkhandwe, pamodzi ndi mphaka wofiira wam'tchire amene amamutcha rooikat. Waya waminga saletsa nkhandwe. Ndiye timapachika waya wolukana wa timaso ting'onoting'ono, msinkhu wake mita imodzi ndi pang'ono, ndipo m'munsi mwake timamupinda kuti agone pansi n'kumupsinja ndi miyala. Komabe njiri ndi nungu zimakumba, nkhandwe n'kumadutsa pamene zinzake zaboola, choncho ntchito yaikulu ndi kuyenda m'mbali mwa mpanda kutseka maenje. Eni mafamu ena amawonjezera waya wamagetsi chapansi. Ameneyu amandipweteka mtima chifukwa cha akamba. Kamba akagwidwa ndi magetsi sathawa, amalowetsa mutu m'chigoba n'kukhala pomwepo atatsamira waya mpaka kufa. Akandituma kuika waya ameneyu ndimapempha kuti timukwezeko pang'ono.

Lamulo la mipanda la chaka cha 1963 limalola mwini famu kuuza mnzake woyandikana naye kuti agawane mtengo wa mpanda wam'malire. Zonse ndi zolembedwa, ndipo mikangano ya ziweto imachepa. Koma waya ameneyu anabwera ndi mtengo winanso. Asanafike, nkhosa za kuno zinali ndi abusa, ozitulutsa m'mawa ndi kuzitsekera m'khola madzulo. Mafamu atatchingidwa, nkhosa zinayamba kugona kutchire, ndipo abusa ambiri ntchito inawathera. Mpaka lero kuli mabanja oyenda pangolo za abulu kusaka ntchito yometa nkhosa, amene amamanga zithando m'kamzere ka pakati pa msewu ndi waya, poti malo ena onse ali ndi mwini. Ndikawadutsa ndimawakwezera dzanja, chifukwa nanenso kuno ndilibe poponda pangapanga.

Kwathu timatchinga malo ang'onoang'ono: khola, dimba, bafa la udzu kuseri kwa nyumba. Kwina konse ziweto zimasungidwa ndi maso a anthu. Mvula ikagwa, chimanga chitamera, mbuzi iliyonse imamangidwa pachikhomo, ndipo mwana amatumidwa masana kukaisuntha kuti ipeze msipu wina ndi mthunzi. Ng'ombe zimapita kudambo ndi anyamata, amene amaswera kumeneko akuumba ng'ombe zadothi, akuwotcha mbatata, akuitana ng'ombe iliyonse ndi dzina lake. Madzulo fumbi limayamba kuoneka ng'ombezo zisanafike, ana a ng'ombe akulira m'khola, amayi akukalipira mbuzi imene yalowa m'khitchini. Phokoso limenelo ndi limene ndimalisowa kwambiri. Nkhosa za kuno zikaona munthu zimathawa, poti sizimudziwa.

Khola la bambo anga linali la nsichi zozikidwa mothithikana, zomangidwa ndi luzi, ndipo pachipata pankapingasidwa mitengo imene tinkaisolola umodziumodzi. Chiswe chinkadya nsichi, choncho chilimwe chilichonse tinkayenda kuzigwedeza kuti tidziwe yofunika kusintha. La mbuzi linali lam'mwamba, la timitengo totalikirana pang'ono kuti ndowe zizigwera pansi, ndiponso kuti fisi asapeze pogwira. Ndowezo tinkazituta pangolo kupita nazo kumunda. M'malire a malo athu munali nkhadze imene agogo anadzala pongozika nthambi, ndipo mwana aliyense ankachenjezedwa kuti utomoni wake usamugwere m'maso. Mbali ina kunali khonje, amene ankatchinga komanso kutipatsa zingwe zomangira mbuzi zomwezo.

Sikuti kwathu zonse zinkayenda bwino. Mbuzi ikadula chingwe n'kudya chimanga cha mwini, nkhani inkafika kwa amfumu, ndipo abale enieni ankatha mwezi osapatsana moni. Koma mlanduwo unkakambidwa pabwalo, anthu akuyang'anana, ndipo wolipira ndi wolipidwa ankakumananso pamaliro ndi pachitsime. Kukolola kukatha, ziweto zonse zinkamasulidwa kukadya mapesi m'munda wa aliyense. Ng'ombe za munthu wolemera zinkasiya ndowe m'munda wa mayi wamasiye, ndipo panalibe wofunsa chilolezo.

Vuto lake n'lakuti nyengo yomasula ziweto ndi nyengo yomweyo ya madimba. Mpiru, tomato ndi chimanga chachiwisi zimabiriwira pamene kwina konse kwauma, ndipo mbuzi iliyonse m'mudzi imadziwa kumene zili. Chaka ndi chaka tinkadula nthambi za mthethe ndi bango kumangira mpanda watsopano, manja atatemeka ndi minga. Masiku ano mitengo yoteroyo yasowa, ndipo n'chifukwa chake achimwene anandiimbira foni kuti ndiwathandize ndalama ya waya wotchingira dimba la mayi athu.

"Ndaona waminga ndi wotsikirako mtengo," anatero.

"Achimwene, waminga ndi wa ng'ombe," ndinawayankha. "Mbuzi idzapyola pakati, ndipo mwana wake adzadutsa pansi. Mugule wolukana, ngakhale atakwanira mbali ziwiri zokha chaka chino. Mbali zinazo muike minga monga kale."

Tinacheza nthawi yaitali, ine nditakwera pamwala pamene foni imagwira. Ndinawauza kuti ndalama yambiri ipite pangodya zinayi ndi pachipata, mizati yake ikhale yokhwima, kumunsi kwake aiwaule pamoto kapena agule yonyikidwa m'mankhwala, popeza dothi la m'dimba ndi lonyowa ndipo mtengo wauwisi sungathe zaka ziwiri. Pokwirira aziponyamo dothi pang'onopang'ono ndi miyala, akutsendera ndi mtengo. Waya akhale kunja kwa mizati, mbali imene chiweto chimakankhira, kuti kulemera kwake kugwere pamtengo osati pamisomali, ndipo m'munsi amukwirire kapena kumupsinja. Ndinawapemphanso kuti mkati mwa wayayo adzale nkhadze, chifukwa waya m'dambo amachita dzimbiri, ndipo podzafika tsiku lakuti watha, mpanda wamoyo udzakhala utakula.

Iwo anafuna kuti atchinge mpaka kuchitsime chimene chili kumapeto kwa dimbalo, poti ng'ombe za anthu zimapondaponda m'mbali mwake. Apa ndinakana. Chitsimecho anakumba ndi bambo, koma mabanja atatu oyandikana nafe akhala akutungapo madzi othirira kuyambira ndili mwana. Ndinawauza kuti waya akhote n'kuchisiya kunja, ndipo ngati ng'ombe zikuvuta, aitane mabanjawo azike mitengo mochizungulira onse pamodzi. Achimwene anakhala chete pang'ono, kenaka anati akakambirana ndi mayi. Tsiku lotsatira ananditumizira uthenga wakuti mayi avomera, ndipo akufunsa ngati ndidzabwere kudzakoka wayayo ndekha. Ndinawayankha kuti asandidikire, ayambe kukumba maenje dothi lisanaume, ndalama ndiitumiza mwezi ukatha.