Choko chathu chisafike pa miyala ya ku Chongoni

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndili ndi dandaulo. Ana athu amaloweza za mapiramidi a ku Egypt ndi makoma a Great Zimbabwe mpaka kukhoza MSCE. Koma tafunsani mwana wa Fomu 4 kuti Chongoni n'chiyani, ambiri angokuyankhani kuti ndi phiri la ku Dedza basi.

Chonsecho m'mapiri amenewa muli malo 127 okhala ndi zithunzi zojambulidwa pa miyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika derali pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Zithunzi zofiira anajambula ndi Abatwa, omwe agogo athu ankawatchula kuti Akafula, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso. Zambiri mwa izo ndi mizere ndi zozungulira. Zoyera, za dothi, anajambula ndi Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali cha atsikana, kupempha mvula ndi Nyau. Ndiye kuti pa mwala umodzi mutha kuona anthu a mitundu iwiri, wina atajambula pamwamba pa mnzake. Buku la History lotere ife m'kalasi tilibe.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti pa mapanga ena, makamaka a kufupi ndi msewu, pali mayina a anthu olembedwa ndi makala ndi choko pamwamba penipeni pa zithunzi. Ena alembanso kalasi yawo. Choko m'mudzi sichimera, chimachokera kwa ife. Mwana ameneyu sindimuda ayi. Akufuna anthu adziwe kuti naye anafikapo. Koma palibe anamuuza kuti dzina lakelo likamafufutidwa, utoto wakale umachokera limodzi, ndipo sungabwerenso.

Adani ena ndi moto ndi nkhwangwa. Osaka mbewa akatentha tchire, kapena abusa a ng'ombe akasonkha moto m'phanga, mwaye umakuta zithunzi ndipo kutentha kumasenda mwala. Mitengo ikatha ndi makala, dzuwa ndi mvula zimamenya mwala umene kale unali pa mthunzi. Palinso alendo amene amathira madzi pa chithunzi kuti chioneke bwino pa kamera. Madzi aja amasukulutsa utoto pang'onopang'ono.

Lamulo loteteza malo otere lilipo, ndipo nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ilipo. Koma boma silingaike mlonda pa malo 127. Mlonda weniweni ndi mwana amene amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku akamapita ku sukulu.

Pempho langa kwa aphunzitsi ndi ili. Kamodzi pa chaka tengani kalasi mupite ku Chentcherere, ku Namzeze kapena ku Mphunzi. Muyambe mwaonekera kwa amfumu, mutenge wa m'deralo wokuperekezani, choko chitsale ku ofesi. Ana ajambule zimene aona m'makope mwawo osakhudza mwala. Akuluakulu akanena kuti tanthauzo la chithunzi ichi ndi la kudambwe kapena la kutsimba, musakakamize. Pamenepo mwana waphunziranso ulemu. Amene muli kutali ndi Dedza, nanu muli nazo zanu. Ku Karonga kuli Uraha, kumene mu 1991 kunapezeka chibwano cha munthu wakale cha zaka zoposa 2 miliyoni, ndipo nyumba yosungira zakale ili pa tawuni pomwepo.

Nanu ana anga amene muli pa ntchito ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni, mumandifunsa kawirikawiri kuti sukulu yanu yakale mungaithandize bwanji. Sonkhani ya minibasi imodzi, kalasi imodzi ikaone. Mwana amene wamva agogo akufotokoza mwala uja sangabwerenso ndi khala m'thumba.