Mwini ulendo pa nyanja ya Niassa ndi mwera

Mphepo yozizira imene imavutitsa alimi a mbatata ku Tsangano ndi ku Furancungo m'miyezi ya June ndi July, anthu a ku nyanja ya Niassa amaitcha mwera. Kumeneko ndiyo imalamula maulendo a ngalawa za matanga.

Wochoka ku Metangula kulowera kumpoto ku Cobué, moyang'anizana ndi chilumba cha Likoma, mwera umamukankha kumsana. Koma mphepo ikamachokera kumbuyo chotere, thanga limangokupiza ndi kukhwinyata. Mankhwala ake ndi mtengo wautali wopepuka ngati nsungwi. Mbali imodzi amaitsamiritsa ku mlongoti, inayo nkukankhira nayo ngodya ya thanga kunja kuti likhale lotambasuka. Mphepo ikakula amauchotsa msanga, kuopa kugubuduza ngalawa.

Pobwerera mpomwe pali ntchito, pakuti mwera umakhala uli kumaso. Nchifukwa chake wodziwa nyanja amanyamula ufa wa masiku angapo, ndipo amadziwiratu magombe obisalapo mafunde akakwiya.

Nyanjayi sichita chibale. Mu July 1946 namondwe anamiza sitima yachitsulo ya Vipya kufupi ndi Chitimba ku Malawi, anthu 145 nafa. Nanji ngalawa yamatabwa! Mlendo wochokera kumapiri asakakamize amalinyero kunyamuka iwo atanena kuti lero ayi.